Kakhadi Komwe Ndinamanga pa Mfundo ya Chitenje

Sunthirani mkeka kuno, nonsenu. Amene akusenda chinangwa abwere nacho pompano, manja azisenda makutu azimva. Mawu anga masiku ano safika patali, ndipo nkhani iyi sindidzaibwereza. Asiyatu mwana wanga, gwira cholembera ulembe momwe ndikuyankhuliramu, usandikongoletse. Ine dzanja langa silinaphunzire kulemba, pa mapepala onse a ntchito ndinkadinda chala. Zaka sindiziwerenga ndi manambala, ndimaziwerenga ndi zomwe zinachitika, ndiye mitu yake uyike momwemo. Za ubwana wanga tisiye, mulibe kanthu. Ndifuna mudziwe za ntchito yanga, ndi chifukwa chomwe ndimapatukira m'chinangwa ndikaona Patuma akubwera m'njira.

Chaka chomwe tinayika abambo ako

Ndinalowa ntchito sadaka ya abambo ako itangotha, iwe uli kumsana. Kachipatala kena kakang'ono chakufupi ndi Benga kankafuna munthu wosesa ndi kuchapa, ndipo ine ndinali ndi manja awiri ndi ana atatu. Ndinasesa pamenepo mpaka iwe unatha msinkhu. Sopo akatha tinkachapa nsalu za odwala ndi phulusa. Magolovesi akatha tinkavala majumbo a shuga. Mabwana ankabwera n'kumapita: wina waukali, wina waulesi, wina wabwino koma osakhalitsa. Onsewo ankandiona ngati tsache lokhala ndi miyendo.

Amene anandiona ngati munthu ndi a Chirwa, mlangizi wa zaumoyo wochokera kumpoto. Tsiku lina la sikelo mayi wina anayiwala kabuku ka mwana wake, a Chirwa ali kukanda m'mutu. Ine ndili poteropo ndi tsache ndinangoti, "Ameneyo ndi mdzukulu wa a Saidi a kutsidya. Mwezi watha lamba wa pamkono anaonetsa chikasu."

"Mama, inu mwawerenga pati?"

"Sindiwerenga, bwana. Ndimangoona."

Anandiyesa ndi ana ena asanu, onse ndinawatchula ndi amayi awo omwe. Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mutu uwu ndi kabati ya mafayilo, ife tikuusesetsa pansi!"

Kuyambira pamenepo anandipatsa midzi ya kutsidya kwa nyanja ya Chia, komwe anzathu ophunzira ankakana kupita poopa bwato ndi ng'ona. Ntchito yake inali yoyeza ana. Pali kalamba kokulunga pamkono wa mwana, kamitundu itatu. Kakaima pobiriwira, mwana ali bwino. Pachikasu, samalani. Pofiira, njala yalowa m'thupi, ndipo mwanayo ayenera kulandira chiponde cha kuchipatala, cha m'timapaketi chija, mpaka mnofu utabwerera. Mitundu siifuna sukulu. Ndinkayeza sabata yonse, Lolemba n'kuwoloka kukaima pamaso pa a Chirwa, kutchula ana mudzi ndi mudzi, iwo akulemba. Tinayenda choncho zaka zambiri, mpaka ana omwe ndinawayeza anayamba kundibweretsera awo.

Chaka cha matabuleti

Kenaka kunabwera bungwe lina, dzina lake lisiye, ndi makatoni a matabuleti, osati akumwa, koma aja onga mafoni akuluakulu. Anatiitanira ku boma kukaphunzira. Ine ndinakhala kumbuyo ndi Hawa, mnzanga amene ankayeza ana m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Nayenso kusukulu anangodutsa pakhomo. Tonse awiri tinkati tabwera kudzatsanzikana ndi ntchito. Koma chinthucho chitayaka, tinapeza kuti anachipangira anthu ngati ife. Mwana aliyense unkamujambula, nkhope yake n'kukhala momwemo. Ukagwira nkhope, pankatuluka mitundu itatu ija. Ukagwira mtundu, mayi wina m'katimo ankayankhula Chichewa choyera: "Zikomo, zatheka."

"Iwe Naphiri," anatero Hawa akundigunda ndi chigongono, "mkazi ameneyu ndi waulemu kuposa apongozi anga."

"Ndipo sadya."

"Ndikupita naye kwathu akakhale mkazi wachiwiri, ine ndipumeko."

Wophunzitsa anatiyang'ana ndi diso loipa, tinabisa nkhope m'mipango. Pa nthawi yomwe tinkasekayo ndi pomwe ankanena chinthu chachikulu, ndipo ine ndinachimva ndi khutu limodzi: kuyambira tsopano ku boma sadzalandiranso mapepala kapena mawu a pakamwa, chiponde chizituluka potsata ana ofiira omwe tabuleti yanena. Sindinafunse kuti tabuleti imanena bwanji, imadzera njira iti. Ine ndinkati mayi uja akathokoza, basi ku boma amva.

Mvula zitatu zinadutsa zabwino kwambiri. Pokwera bwato ndinkaikulunga mu jumbo, jumbo m'chitenje, chitenje pamutu. Ndinkaitchaja pa kasola kake padenga. Makatoni a chiponde ankabwera pa nthawi yake, ndipo ndinaona ana omwe ndinkati tiwasokera sanda akuthamangitsa nkhuku. Amayi a kutsidya anayamba kundiitana adokotala. Ankanena mwachipongwe, koma ine ndinkakondwa. Lemba zimenezo, chifukwa kukondwa kumeneko kuli ndi mbali yake pa zomwe zikubwerazi.

Chaka cha apudeti

Zinayambira kwa Hawa, chifukwa kumsewu netiweki ndi yamphamvu, pomwe kwathu kutsidya imabwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina pa Benga anandikokera kuseri kwa golosale.

"Taona zomwe amuchita mkazi mnzanga."

Tabuleti yake inali itadzisintha yokha. Akuti apudeti. Eni ake amatumiza nzeru zatsopano kudzera m'mwambamu, chinthucho n'kumeza osakufunsa. Koma nzeruzo anazipangira matabuleti atsopano, a mimba zazikulu, ndipo athuwa anali atakalamba. Ya Hawa inkatentha ngati chiwaya, batire osafika masana. Ukagwira nkhope ya mwana, pakati pankabwera kanthu kozungulira. Kuzungulira, kuzungulira, mwana kulira, kutopa, kugona, iko kakuzungulirabe. Ikatseguka, nkhope zinali zitachepa ngati nyemba, mitundu itasamuka malo, ponseponse zilembo. Mayi wothokoza uja anali atatseka pakamwa.

A Chirwa anayesetsa kutipemphera matabuleti ena. Yankho linali lakuti bungwe latsala pang'ono kutseka, atsopano sabwera, amene angathe apitirize ndi omwewo. Posakhalitsa anawasamutsira ku Dwangwa. M'malo mwawo munabwera a Mbewe. Sanali munthu woipa, koma anali ndi midzi yambiri ndi njinga yamoto yopanda mafuta, ndipo kutsidya sanapondeko. Ataona kuti Hawa sakuthanso, anamuuza kuti akapume, dera lake n'kupatsa munthu wodziwa kuwerenga, wa foni yakeyake.

Tsiku lomwe anabweza lamba wake, Hawa anandipeza padoko. Anavula ndolo, n'kubaya m'mbali mwa tabuleti yanga. Munatuluka kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana.

"Apudeti imalowera apa," anatero. "Khoswe akamalowa m'nyumba, sulimbana naye, umatseka chibowo."

"Nanga isiya kugwira?"

"Yesa."

Ndinagwira nkhope ya mwana wina, ndinagwira pobiriwira. "Zikomo, zatheka." Tinakumbatirana pamchenga ngati atsikana. "Tawapusitsa a madigiri," anatero Hawa. Kakhadi kaja ndinakamanga pa mfundo ya chitenje changa.

Ndikanatha kufunsa a Mbewe. Sindinafunse, chifukwa ndinkaopa yankho. Ndinali nditakalamba, msana sukanalolanso tsache, ndipo sindinkafuna kuti omwe ankanditchula adokotala andione ndikuchapanso makodzo. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira ana, chifukwa ndikachoka ndani adzawoloka? Zinali zoona, koma sizinali zoona zonse.

Miyezi yomwe makatoni anasiya kubwera

Chaka chimenecho madzi anakwera, mpunga unamira, chinangwa chinawolera m'nthaka. Lamba anayamba kuima pofiira nyumba ndi nyumba. Mwezi woyamba katoni inabwera monga kale. Wachiwiri sinabwere. Ndinakafunsa kwa wosunga katundu pachipatala, anati, "Kwanu sikunalembedwe, mayi, mwina mwezi wamawa." Ine kusowa kwa zinthu ndinakuzolowera kuyambira nthawi ya phulusa lija, ndiye sindinadabwe. Ndinawoloka n'kukauza amayi kuti chiponde chatha dziko lonse, apirire.

Patuma ndinamuyeza ndi manja angawa ali wakhanda. Tsopano anali ndi ana ake anayi, amayi ake osaona, ndi mwamuna amene anapita kukapha nsomba kutali osatumiza mawu. Mwana wake wotsiriza, Idrisa, anali ndi zaka ziwiri. Ankaikonda tabuleti mwana ameneyo. Akandiona ankathamanga n'kudzakhala pamiyendo panga, n'kumatsanzira mayi wa m'kati uja, "Tatheka! Tatheka!" Anachoka pobiriwira kupita pachikasu, pachikasu kupita pofiira. Anasiya kuthamanga. Tsitsi linafiira, mapazi anayamba kutupa. Sabata iliyonse ndinkagwira nkhope yake, kugwira pofiira, mayi uja n'kuthokoza.

"Wamva wekha," ndinkamuuza Patuma. "Ku boma amva."

"Amayi, ngati akumva, bwanji sakuyankha?"

"Pita naye kuchipatala chachikulu, akamugoneke."

"Atatuwa ndiwasiyire ndani? Amayi anga awatsogolera ndani kuchimbudzi? Chiponde chikabwera achira pompano, monga anachirira mkulu wake."

Ndipo ine ndinkavomera, chifukwa mkulu wakeyo ndinamuona akuchira.

Mwezi wachinayi, tsiku Lachitatu, ndili pa Benga ndinaona wakabaza atamanga makatoni atatu a chiponde, akulowera kumidzi ya kumsewu yomwe inali ya Hawa. Ndinapita molunjika kwa a Mbewe.

"Bwana, chiponde chatha dziko lonse koma kumsewu chilipo?"

Anatsegula makina awo. "Mayi Naphiri, kwanu kulibe mwana wofiira. Kuchokera kwanu sikunabwere kanthu miyezi inayi. Ine ndimati tabuleti yanu yafa ngati zinazi, ndimati ndibwera mafuta akapezeka."

Ndinawapatsa tabuletiyo. Anaiyatsa, anaona nkhope zonse, zofiira zili mndandanda. Kenaka anabaya m'mbali.

"Kakhadi kali kuti?"

Mfundo inali pachiuno panga, ikundiwotcha. Ndinati, "Mwina kanagwera m'bwato."

"Mayi, popanda kakhadi kameneko anawa sanatulukemo umu. Chibowo chomwe apudeti imalowera ndi chomwechonso ana amadzera popita ku boma. Khomo ndi limodzi." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ngati katayika, ndilemba kalata yopempha kena, pamatenga mwezi kapena iwiri. Ngati kangapezeke, thamangani nayo ku boma mawa lomweli. Mndandanda wa chiponde akutseka Lachisanu."

Ndikukhulupirira kuti anadziwa. Anandisiyira njira ziwiri ngati munthu wosiyira mnzake chitseko chosatseka.

Ndinapita kwa Hawa, ndinamupeza akupeta mpunga wa ganyu. Nditamuuza, lichero linagwa.

"Nena kuti kanagwera m'madzi," anatero. "Akafufuze ndani, ng'ona? Ukakabwezera, chinthucho chimeza apudeti, chifa, ndipo iwe akuchotsa ndi manyazi." Kenaka anakhala pansi pomwepo pa mpunga wotayika uja. "Naphiri, ndine ndinavula ndolo."

"Ndine ndinamanga mfundo."

Mwezi kapena iwiri. Ndinaganiza za mkono wa Idrisa, momwe lamba ankatsalira m'dzanja langa pokulunga. Mwana uja analibe mwezi wodikira.

Lachinayi lomwe ndinamasula mfundo

Ndinakwera minibasi yoyamba. Ku ofesi ya bungwe ku boma ndinapeza mayi Kamanga, woyang'anira makina, wamsinkhu wako iwe Asiyatu. Sindinazungulire. Ndinamasula mfundo pamaso pawo, kakhadi n'kukaika patebulo, n'kunena zonse.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anati, "Agogo, mwachita bwino kubwera, koma ndikuuzeni zoona. Makina a kuno salandira kanthu kuchokera ku tabuleti yomwe sinameze apudeti. Ndipo yanuyi ndi yakale, yadzaza nkhope. Mwina ipirira, mwina ayi."

"Simungatulutse ana kaye, kenaka imeze?"

"Ndayesapo ndi zina. Sizilola."

"Ikani."

Anaika. Panatuluka kamzere, n'kuyamba kukwawa. Tinakhala kuyambira m'mawa mpaka adhana ya masana inamveka ku mzikiti, sindinanyamuke kukaswali. Tabuleti inatentha. Mayi Kamanga anaiika pasimenti kuti izizire, akuikupiza ndi fayilo. Ine ndinagwada n'kumaikupiza ndi chitenje ngati mwana wa malungo, ndikuinong'oneza, "Limba mayi, limba, watsala pang'ono." Anthu odutsa pakhomo ankasuzumira, wina anaseka. Kamzere kanapitirira pakati. Kenaka kunada. Inayaka, kuonetsa dzina lake, n'kuzima. Kuyaka, kuzima. Kuyaka, kuzima. Mayi Kamanga anailumikiza ku makina awo, anaimbira anzawo a ku Lilongwe, anayesa zonse mpaka nthawi yoweruka.

"Agogo, yapita. Ndi zonse za m'kati."

Pamenepo ndinaimirira monga ndinkaimira pamaso pa a Chirwa. Ndinati, "Tengani pepala." Ndinatchula ana ofiira mudzi ndi mudzi, dzina la mwana, la mayi ake, mwezi womwe anafiira, amene watupa ndi amene sanatupe. Analipo asanu ndi anayi. Idrisa ndinamutchula koyamba, pomaliza ndinamutchulanso. Mayi Kamanga analemba onse.

"Pepala ili mndandanda wa mawa sulilandira," anatero. "Mwana aliyense afunika kuyezedwanso ndi munthu wa makina amoyo. Koma ndikagogoda pa zitseko zonse, ndikukulonjezani."

Anagogodadi. A Mbewe anagula mafuta ndi ndalama ya m'thumba mwawo, anawoloka koyamba, anayeza onse ndi foni yawo. Katoni inafika patatha masabata atatu.

Ine sindinadikire katoni. Nditangobwerako ku boma ndinapita kwa Patuma. Ndinati, "Nyamuka, pita naye kuchipatala. Ana ndi amayi ako ndikhala nawo ine." Mawu amenewo ndikanawanena miyezi iwiri kumbuyo. Pakamwa panali pomwepa, nthawi ndinali nayo. Anadikira masiku awiri kuti mphepo ya mwera idekhe, lachitatu anakwera bwato m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu ndinaona bwato lomwelo likubwerera. Patuma anatsika mwana ali kumsana, atamufunda mpaka kumutu. Idrisa anatsirizika pakati pa madzi.

Mwana wamng'ono safuna jeneza yonyamulira maliro. Amuna anamunyamula m'manja, ife amayi tinatsala pakhomo monga mwa chipembedzo. Patuma anatsamira pa phewa langa n'kunena, "Amayi, inu munayesetsa. Ndinkamva ndekha sabata iliyonse. A ku boma ndiwo sanayankhe."

Ndinakhala chete. Ndakhala chete mpaka lero.

Zomwe zinatsatira

Ine anandipumitsa mwezi womwewo. A Mbewe analemba kuti ndakalamba, za kakhadi sanalembe. Ndinadinda chala, ndinabweza lamba. Iwo akadali pomwepo, njinga yawo ikadali yotsamira khoma.

A Chirwa anapuma, ali kwawo kumpoto. Anamva nkhaniyi, ananditumizira moni ndi sopo. Sindinathe kuwayankha.

Mayi Kamanga anachoka bungwe litatseka. Tabuleti yanga inatsala mu ofesi mwawo, m'katoni ya chiponde yopanda chiponde, pamodzi ndi zinzake zakufa.

Hawa amagulitsa zitumbuwa pa Benga. Ndolo anasiya kuvala. Tikakumana timafunsana za miyendo ndi za mvula, sitisekanso.

Ana asanu ndi atatu aja anachira onse. Awiri ndimawaona akupita ku madrasa. Ndikawaona ndimathokoza Mulungu, kenaka ndimawerenga, n'kupeza kuti mmodzi palibe. Kutsidya tsopano kumapita mayi wina kamodzi pa miyezi iwiri, ndi foni yake. Sabata yatha anandidandaulira kuti nayonso yayamba kutentha, kanthu kaja kayamba kuzungulira.

Patuma mwamuna wake sanabwerere. Amayi ake anamwalira. Amalima mpunga, ndipo chaka chilichonse akakolola amanditumizira mbale yodzaza, ati ndinamugwira dzanja pa nthawi yovuta. Mpunga umenewo ndi womwe mumadya inu pa Idi, ine n'kumati m'mimba simuli bwino.

Ndatha. Asiyatu, werenga kuchokera poyamba ndimve ngati sunandichepetsere mlandu. Ukamaliza usaike pepalalo m'sutikesi. Mawa tikwera bwato tonse. Patuma nayenso sawerenga. Ukamuwerengere iwe, mokweza, osadumpha mzere, ine nditakhala pomwepo pamkeka wake.